Zolongedza popita kukakhala kum'mwera kwa India

Munthu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa akamva kuti ku India kumatentha amangoseka. Kutentha kwake kuti kumene kungaopse munthu wokulira m'chigwa cha Shire, kumene mu Okutobala ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi? Koma kutentha kwathu n'kouma. Ukachapa malaya m'mawa, pofika 10 koloko auma gwa. Ku Kochi, ku Chennai, ku Mumbai ndi m'mizinda ina ya m'mbali mwa nyanja yamchere, mpweya ndi wodzaza chinyezi. Thukuta siliuma pathupi, thaulo limagona lonyowa n'kudzuka lonyowa, ndipo chilichonse chimene mwatsekera m'kabati chimayamba kuchita chuku. Ine nsapato zanga zachikopa zimene ndinavala pa ukwati wa mchemwali wanga ndinazipeza zitamera ubweya wobiriwira patangotha milungu itatu. Choncho polongedza, pa chinthu chilichonse dzifunseni mafunso awiri: kodi chimenechi chikapirira chinyezi, nanga kodi sindingakachigule komweko? Malangizo awa ndi a munthu amene akupita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kwa chaka kapena kuposerapo, osati wa ulendo wa mlungu umodzi.

Choyamba: dziwani mzinda wanu ndi mwezi umene mukafike

India ndi dziko lalikulu, ndipo mvula yake sigwa nthawi imodzi. Ku Kerala mvula yamphamvu imayamba chakumayambiriro kwa Juni n'kufika mu Seputembala, ndipo Kochi amalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 3,000 pachaka, kuposa katatu ya ku Lilongwe. Mumbai amayamba kunyowa chapakati pa Juni. Chennai ndi wosiyana: kumeneko Meyi ndiye mwezi wa ng'anjo, ndipo mvula yake yeniyeni imabwera kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Sukulu zambiri zimatsegulira mu Julayi kapena Ogasiti, kutanthauza kuti wopita ku Kerala kapena ku Mumbai amachoka kuno mkati mwa chisanu atavala juzi, n'kukatsikira mkati mwa dzinja. Mvula yake si yamasewera. Ku Chennai kunasefukira madzi mu 2015, ku Kerala mu Ogasiti 2018. Ngati mukupita ku Delhi kapena kumpoto, nkhani ndi ina, chifukwa mu Disembala ndi Januwale kumazizira kuposa ku Dedza, ndipo jekete lochindikala likafunika.

Chachiwiri: mapepala

Apa ndi pamene muyenera kutaya nthawi yambiri, chifukwa malaya mungagule kulikonse koma satifiketi ya MSCE simungaipeze pamsika wa ku Chennai. Sonkhanitsani pasipoti, viza, kalata yokuitanani kusukulu kapena kuntchito, kalata ya amene akukulipirirani, masatifiketi enieni pamodzi ndi mapepala a magiredi, chikalata cha kubadwa, ndi cha ukwati ngati mukupita ndi banja. Chilichonse chikhale ndi mafotokope osachepera asanu. Zingaoneke ngati kuwononga, koma maofesi a ku India amakonda pepala kwambiri. Pogula simu akufuna fotokope ya pasipoti ndi viza, potsegula akaunti kubanki chimodzimodzi, kuhositelo chimodzimodzi. Jambulitsaninso zithunzi za pasipoti zoyera kumbuyo, zokwana 20, n'kupempha wojambulayo akutumizireni pafoni.

Amene ali ndi viza ya sukulu yopitirira masiku 180 amayenera kulembetsa ku ofesi yoona za alendo, ya FRRO, pasanathe masiku 14 chifikireni. Masiku ano zimachitika pa intaneti, ndipo amafuna kuti mutumize zithunzi za mapepala anu. Ndiye musananyamuke, jambulani pepala lililonse bwinobwino, musunge mufoni, mudzitumizirenso pa imelo, ndipo m'bale mmodzi wodalirika kumudzi akhale nazo. Foni imatha kugwera m'madzi tsiku lachiwiri.

Mapepala enieniwo asalowe mu envelopu ya khaki. Gulani fayilo ya pulasitiki yotseka ndi zipi, muikemo timapaketi ta silika tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Chinyezi chimachititsa mapepala kumatirirana, ndipo chidindo chimatha kusuluka. Fayiloyo iyende m'chikwama cham'manja, osati musutikesi. Lembaninso papepala adiresi ya kumene mukukagona tsiku loyamba, nambala ya munthu wokakulandirani, ndi ya ofesi ya kazembe wa Malawi ku New Delhi.

Chachitatu: katemera ndi mankhwala

Malawi sali m'gulu la mayiko a matenda a yellow fever, koma ndege zathu zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo Ethiopia ndi Kenya ali m'gululo. Ndege ikachedwa n'kukugonekani kuhotela kunja kwa bwalo la ndege, ndiye kuti mwalowa m'dziko la matendawo, ndipo ku India angathe kukutsekerani kwa masiku okwana 6 ngati mulibe khadi yachikasu yosonyeza kuti munabayitsa katemera wa matendawa. Katemerayu amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 chibayireni, choncho si wobayitsa dzulo la ulendo. Ubwino wake ndi wakuti kuyambira 2016 khadiyo ndi ya moyo wonse. Pamene mukukatenga viza ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe, funsaninso za chiphaso cha katemera wa poliyo. Kumbukirani kuti mu 2022 ku Lilongwe kunapezeka mwana wodwala poliyo, ndipo India amalondola kwambiri mayiko amene kwapezeka nthendayi.

Mankhwala wamba musadzaze nawo chikwama. Mankhwala ambiri amene timamwa kuno, kuphatikizapo ma ARV ochuluka, amapangidwa ku India komweko, ndipo kumeneko ndi otsika mtengo. Chofunika ndi mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, monga a shuga, a BP, a mphumu, a khunyu kapena ma ARV. Pemphani kuchipatala akupatseni a miyezi itatu, akhale m'mabotolo awo enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala ya m'Chingerezi yotchula dzina lenileni la mankhwalawo ndi mlingo wake. Miyezi itatuyo ikupatsani mpata wopeza dokotala mosathamanga. Mankhwala opha ululu amphamvu monga tramadol ndi codeine amayang'aniridwa ndi lamulo la mankhwala ozunguza bongo, musawanyamule popanda kalata. Za chamba sitingakambe n'komwe. Fodya wamagetsi uja achinyamata akukoka masiku ano analetsedwa ku India mu 2019, musiyeni.

Za masiku oyamba zokha, tengani panado, mapaketi angapo a Thanzi ORS, ndi mafuta opaka opha zipere ndi linyetsu. M'mimba mwa munthu watsopano simuchedwa kutseguka, mwina chifukwa cha madzi, mwina tsabola. Ndipo mvetsani ichi: udzudzu wa kumeneko sufalitsa malungo okha. Kuli dengue, imene imafala ndi udzudzu wamawanga oyera woluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo. Mukatentha thupi, imwani panado yekha n'kupita kuchipatala. Asipulini ndi bufeni, zimene kuno timangomwa mutu ukatiwawa, zimawonjezera kutaya magazi kwa wodwala dengue. Muuzeninso dokotala kuti mwachokera ku Malawi, chifukwa malungo mungathe kuchoka nawo kwanu n'kukadwalira kumeneko. Neti yonyikidwa m'mankhwala ndi yopepuka, tengani yatsopano pamodzi ndi chingwe chomangira. Mafuta othamangitsa udzudzu mukagula komweko, Odomos amapezeka pagolosale iliyonse.

Wovala magalasi atenge awiri ndi pepala la muyeso wake.

Chachinayi: dziwani makilogalamu anu musanayambe kupinda zovala

Ndege ya Ethiopian Airlines, imene imanyamula anthu ku Lilongwe ndi ku Chileka, kawirikawiri imalola masutikesi awiri a makilogalamu 23 iliyonse ndi chikwama cham'manja cha makilogalamu 7. Msampha uli kutsogolo. Ngati mukatsikira ku Mumbai kapena ku Delhi n'kukwera ndege ina ya mkati mwa dziko pa tikiti yogula payokha, makampani ngati IndiGo amangolola makilogalamu 15. Otsalawo mulipira, ndipo ndalama yake ikhoza kudya theka la zimene munasungira mwezi woyamba. Ine ndinaona mayi wina akutsegula sutikesi pakati pa anthu, akutaya ufa ndi sopo m'bini, misozi ili m'maso. Gulani tikiti imodzi yofika kumene mukupita, kapena lipiriranitu katundu wowonjezera pa intaneti, kapena konzani zokwera sitima yapamtunda. Werengani zimene zalembedwa pa tikiti yanu, osati zimene anakuuzani mnzanu amene anapita chaka chatha.

Sutikesi ikhale yolimba ya pulasitiki, chifukwa yansalu imamwa madzi ikakhala panja pamvula podikira kulowa m'ndege. Bwerekani sikelo ya kugolosale kapena ya ogula mbewu muyeze kunyumba.

Chachisanu: zovala

Nyamulani za milungu iwiri yokha. India ndi dziko la thonje, ndipo zovala zambiri zimene timasankha pakaunjika zinasokedwa ku Tiruppur kapena m'mafakitale ena a kumeneko zisanapite ku Ulaya n'kutipeza kuno. Mukakagula zatsopano pamtengo wabwino, ndipo matelala ali pakona iliyonse.

Sankhani nsalu yathonje yopyapyala ndi yotaya. Nayiloni ndi poliyesitala zimamata pathupi n'kuyambitsa nsungu. Jinzi imodzi yakwana, chifukwa m'dzinja jinzi imatha masiku atatu pachingwe osauma, ndipo ikauma imanunkha chinyontho. Zamkati ndi masokosi ndizo zichuluke, popeza mudzasamba ndi kusintha kawiri patsiku. Suti imodzi kapena diresi imodzi yapamwamba ndi yokwanira pa zochitika zapadera, koma muziitulutsa kuti ipitidwe mphepo. Juzi imodzi yopepuka ikufunikabe: m'ndege mumazizira, pabwalo la ndege la Addis Ababa usiku pamazizira, ndipo m'makalasi ndi m'maofesi ena makina oziziritsa amatsegulidwa ngati akusunga nsomba.

Amayi, zitenje zitatu kapena zinayi zisatsale. Chitenje chikhala chofunda usiku wotentha, katani ya pawindo, choyala pabedi tsiku loyamba, chovala pa tsiku la chikhalidwe kusukulu, ndiponso mphatso imene anthu amaikonda. Pa kavalidwe, kunja kwa mizinda ikuluikulu anthu amayembekezera kuti mapewa ndi mawondo abisike, ndipo munthu wakuda amayang'anidwa kale ngakhale atavala bwanji, ndiye palibe chifukwa chowonjezera maso. Abambo, kabudula ndi wa panyumba ndi kunyanja, makoleji ambiri salola.

Thaulo tengani lopyapyala louma msanga. Bulangete lisiyeni. Ambulera mukagula komweko, ndipo za ku Kerala ndi zolimba kuposa zimene timagula m'tauni.

Chachisanu ndi chimodzi: nsapato

Mapeyala atatu: yotseka imodzi ya kuntchito kapena kutchalitchi, yamasewera imodzi, ndi masandasi a labala olimba amene saopa madzi. Masandasiwo ndiwo mudzavale kwambiri, chifukwa misewu imadzaza madzi, ndipo m'nyumba za anthu, m'makachisi, ngakhale m'mashopu ndi m'zipatala zina, nsapato zimasiyidwa pakhomo. Kumasula zingwe kakhumi patsiku kumatopetsa. Wa phazi lalikulu, kuyambira saizi 11 kupita m'mwamba, agule kuno, kumeneko adzavutika kupeza. Malamba ndi zikwama zachikopa zimachita chuku ngati nsapato zomwe.

Chachisanu ndi chiwiri: tsitsi ndi khungu

Ichi ndicho anthu ambiri amaiwala, ndipo ndicho chimasowa zenizeni. Shopu za kumeneko zimagulitsa zinthu za tsitsi losalala. Mafuta a tsitsi lathu, zipeso za mano otalikirana, meshi, ulusi, mawigi ndi mankhwala owongolera tsitsi, zonsezi nyamulani za miyezi isanu ndi umodzi. Lukitsani tsitsi masiku awiri musananyamuke, maluko osalemera, chifukwa oluka amapezeka m'mizinda momwe muli ophunzira ambiri a ku Africa ndipo amadula. Tsitsi lowongola ndi moto silikhalitsa m'chinyezi, ola limodzi labwerera mwakale. Abambo, gulani makina ometera anuanu, ndipo phunzirani kudzimeta kapena pezani mnzanu womameta naye. Ometa a kumeneko ndi aluso ndi sizasi, koma tsitsi lathu ambiri sanaligwirepo.

Zodzola za kumaso zogwirizana ndi khungu lakuda bii n'zovuta kupeza. Powerenga mabotolo a mafuta odzola ndi sopo, samalani, ambiri ali ndi mankhwala oyeretsa khungu. Komanso mafuta olemera amene timadzola m'chisanu kuno safunika kwenikweni, thupi limakhala lonyowa kale. Mafuta a kokonati ku Kerala ali ponseponse ndipo ndi otchipa. Paudala wa nsungu za thukuta mukagula komweko.

Chachisanu ndi chitatu: zamagetsi

Mphamvu ya magetsi ndi yofanana ndi yathu, mavoti 230, ndiye zipangizo zanu sizipsa. Kusiyana kuli pasoketi. Mapulagi athu ali ndi mano atatu amakona, a ku India ndi ozungulira. Nzeru yake ndi iyi: tengani ekisitenshoni imodzi yabwino ya kuno ndi adaputala imodzi kapena ziwiri. Adaputala ilowa kukhoma, ndipo foni, laputopu ndi makina ometera zilowa mu ekisitenshoni ngati muli kwanu. Ayironi, ketulo ndi mbaula yamagetsi musanyamule.

Foni ikhale yosatsekedwa ku kampani imodzi, ndipo ngati ili yolowa masimu awiri ndi bwino kwambiri. Simu ya kuno musaitaye, chifukwa banki yanu imatumiza manambala achinsinsi pa nambala imeneyo. Pitani kukampani ya foniyo akutsegulireni kuti izigwira kunja. Ena amaganiza kuti popeza Airtel ndi kampani yochokera ku India, simu yawo ikagwira ngati ya komweko. Ayi, kumeneko ndi mlendo, ndipo kuimbira nayo kumadya mayunitsi ngati moto wa m'tchire. Mukagula simu ya Jio kapena Airtel ya komweko. Power bank iyende m'chikwama cham'manja, musutikesi saloleza. Foni za setilaiti ndi zoletsedwa ku India, ndipo anthu amamangidwa nazo. Laputopu isungidwe m'chikwama chosalowa madzi, muikemo silika.

Uzani a kunyumba kuti India ali patsogolo ndi maola atatu ndi theka. Agogo akamaimba 8 koloko usiku, inu kumeneko ndi hafu pasiti 11.

Chachisanu ndi chinayi: zakudya

Aliyense amafuna kunyamula ufa, ndipo sindingakuletseni. Makilogalamu awiri kapena atatu a ufa woyera wouma bwino, womata m'mapepala apulasitiki awiri, adzakutonthozani mwezi woyamba. Kupitirira apo n'kudzivutitsa: ufa umachita chuku ndi anankafumbwe, ndipo mgaiwa ndiye suchedwa n'komwe. Chimene muyenera kunyamula ndi mthiko ndi chipande, chifukwa zimenezo kulibe. Ndi mthiko m'manja, mungaphike nsima ya ufa wa tirigu wokhakhala umene amautcha rava kapena sooji, ndipo imagwira mimba. Ku Karnataka amadya ragi mudde, imene ndi nsima ya mawere basi. Ku Kerala chinangwa amachitcha kappa, ndipo amadya ndi nsomba, moti munthu wa ku Nkhata Bay amangoona ngati wafika kwawo. Therere lobala, maungu, bonongwe, nthochi ndi mbatata zili pamsika.

Nandolo musanyamule, mungachite manyazi. India ndiye amagula nandolo wa alimi a ku Mulanje, Phalombe ndi Zomba, ndipo mu 2021 mayiko awiriwa anagwirizana za matani 50,000 pachaka. Amamusenda n'kumutcha toor dal, ndipo mudzamudya pafupifupi tsiku lililonse mu ndiwo yamsuzi imene amaitcha sambar. Mpunga nawonso usiyeni, ngakhale wa Kilombero. Tsabola wa Nali botolo limodzi, lokulungidwa bwino mupulasitiki, ndi masamba a tiyi wa kwathu paketi imodzi, zimenezo ndi za mtima chabe, popeza tsabola ndi tiyi ndiko kwawo.

Usipa ndi utaka ndi nkhani yovuta. Fungo lake limalowa m'zovala zonse, m'chinyezi zimaola, ndipo malamulo olowetsa nyama, nsomba, mbewu ndi zomera ndi okhwima. Nsomba zouma zing'onozing'ono zimagulitsidwa m'misika ya m'mbali mwa nyanja, ndipo mukathira tomato ndi anyezi kusiyana kwake n'kochepa. Nyama yofutsa isiyeni, makamaka ya ng'ombe, imene m'zigawo zambiri za India ndi nkhani ya lamulo ndi chipembedzo. Nsinjiro mukasinja komweko, mtedza ulipo. Chakudya chilichonse chimene mwanyamula, akakufunsani pabwalo la ndege nenani zoona.

Ndipo phukusi la munthu wina, loti mukapatse m'bale wake, musalandire ngati simunalitsegule nokha n'kuona chilichonse chili mkatimo. Ngakhale wakupatsaniyo akhale wa kutchalitchi kwanu.

Chakhumi: ndalama

Ndalama zakunja kuno zimavuta, ndiye pitani kubanki mwezi wathunthu ulendo usanafike, mutatenga tikiti, viza ndi kalata ya sukulu. Risiti ya kubanki isungeni pamodzi ndi ndalamazo. Madola akhale atsopano, osang'ambika, osalembedwa, ndipo ena akhale ang'onoang'ono. Kwacha kumeneko palibe angakusinthireni. Wolowa ku India ndi ndalama zamapepala zoposa madola 5,000 amayenera kuzilembetsa pabwalo la ndege. Gawani ndalamazo pawiri, zina m'chikwama cham'manja, zina pathupi. Pabwalo la ndege sinthani zochepa zokwanira galimoto ndi chakudya cha masiku awiri, mtengo wabwino uli m'tauni. Anthu kumeneko amalipira ndi foni kudzera pa UPI, ngakhale wogulitsa nthochi, koma inu zimenezo zidikira mpaka mutatsegula akaunti, ndiye milungu yoyamba mudalira ndalama zapamanja.

Pomaliza: kalongedzedwe kake

Yalani zonse pamkeka kapena pabedi, muchotsepo gawo limodzi mwa magawo atatu. Zovala zikulungeni ngati mkeka m'malo mozipinda, muziike m'majumbo. Gawani zinthu m'masutikesi onse awiri, kuti imodzi ikasochera ku Addis Ababa musatsale ndi nsapato zokhazokha. Zamadzimadzi zoposa mamililita 100, lumo ndi sizasi zilowe musutikesi. Mangani kansalu kachitenje pachogwirira, lembani dzina kunja ndi mkati, ndipo jambulani sutikesiyo pafoni.

M'chikwama cham'manja mukhale fayilo ya mapepala, mankhwala onse a tsiku ndi tsiku, laputopu, matchaja, adaputala, zovala zosinthira za masiku awiri, mswachi, cholembera, ndi botolo la madzi lopanda kanthu loti mukadzaze mukadutsa pachipata. Ikanimonso tishu mpukutu umodzi, chifukwa zimbudzi zambiri kumeneko zili ndi kampopi ka madzi m'malo mwa pepala, ndipo kuzolowera kumatenga masiku. Baibulo kapena buku la nyimbo la Chichewa, ndi zithunzi ziwiri zitatu za a kunyumba, zipezereni malo.

Mukafika, tsiku lomwelo tulutsani zonse musutikesi. Musaitseke n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Isiyeni yotsegula pang'ono pamwamba pa kabati, kabatiyo isagunde khoma, ndipo tsiku lililonse limene dzuwa lawala, tulutsani nsapato, suti ndi fayilo ya mapepala zipitidwe mphepo.